Laisensi ya Bokosi

"Laisensi? Kodi seva ndi minibasi?" A Fakiri, eni kampani yogula mpunga ku Nkhotakota, anamenya tebulo, akuloza sevayo, bokosi la kompyuta yotumiza maimelo a kampaniyo. "Bokosilo ndinagula ndekha!"

"Bokosi ndi lanu, bwana, koma pulogalamu ya maimelo m'katimo yakalamba," anatero Zahra, woyang'anira makompyuta. "Tikapanda kuika yatsopano ndi laisensi yake, Lachisanu makalata aleka kutuluka."

"Walahi, ukufuna kundidyera! Lachisanulo wotuluka ndiwe."

Lolemba m'mawa Zahra anafika pantchito monga mwa masiku onse. A Fakiri anamulusira.

"Sunawerenge imelo yokuchotsa ntchito?"

"Sinafike, bwana."

A Fakiri anayang'anitsitsa kompyuta yawo. Kalatayo inali idakali pomwepo, yosatumizidwa.

"Tabwera kuno," anatero motsitsa mawu. "Undikonzere, ndikutumizire."