Phala la pa Chipepala

Tabitha anapeza mwana wake Dina akuyamwa ngodya ya chipepala cholimba chophunzitsira zilembo. Ngodyayo inali itafeweratu.

"Bambo a Dina!" anakuwira mwamuna wake Lazaro, mphunzitsi wa pamudzipo. "Munapaka chiyani pachipepalachi?"

"Phala la chinangwa, kuti inki isamalowerere," anayankha Lazaro ali pakhonde. Kenaka anakumbukira. "Ndinasakanizamo mankhwala ophera chiswe aja."

Tabitha anapisa chala kukhosi kwa mwanayo. "Sanza, mayi, sanza!"

Dina anangomuluma n'kuseka, milomo ili mbuu.

Tabitha anamubereka msangamsanga n'kuliyatsa liwiro kulowera ku chipatala cha ku mishoni. Asanafike pamtsinje, anamva kamutu ka Dina kakulemera pamsana pake. Anapitiriza kuthamanga, akuopa kucheuka.