Nkhope pa Nsanamira

Kutangoda, Jivraj, mmisiri wosema miyala, anabwerera kukachisi wa Ajaini, anthu a chipembedzo choletsa kupha chamoyo chilichonse, kukatenga kachitsulo kosemera kamene anaiwala. Anavula nsapato pakhomo n'kulowa. Pakati pa nsanamira za nsangalabwi pankamveka go, go, go.

"Ndani akusema mumdima muno?" anafunsa, akupisa m'thumba kufuna machesi.

"Usayatse, mphwanga," mawu a nkhalamba anamuyankha. "Ukufuna kuwotcha agulugufe m'nyumba yopatulika?"

Jivraj anachita manyazi, koma chidwi chinamukulira. Mmisiri wanji wosema popanda nyali? Anapapasa nsanamira imene masana anaisiya yosalala. Zala zake zinapeza mphuno, milomo, kenako chipsera pachibwano, chofanana ndendende ndi chake.

"Ima pomwepo, usagwedezeke," inatero nkhalambayo kumbuyo kwake. "Angotsala maso."