Foni Yoyeza Msinkhu

Amwali, mwamva zomwe akunong'onezana ku Nathenje? Akuti Zipora, mlembi wa pa ofesi ya alimi a fodya uja, anabwererako dzuwa litalowa kukatenga makiyi a kunyumba. Foni ya padesiki inalira, chonsecho mawaya ake anabedwa kalekale. Poopa kuinyamula, iye anangodina batani la sipika.

Munamveka makasu akukumba, kenaka mawu aulemu a bambo wina: "Pepani mayi, ndife adzukulu kwanu kuno ku Mitundu. Bango loyezera manda lafupika. Taimani bwino tikuyezeninso."

Zipora anadina batani lodulira foni katatu konse, koma makasu sanasiye.

"Mwawerama, mayi. Tawongokani pang'ono."

Chitseko chinali kumbuyo kwake, ndipo chakumeneko kunamveka bango likukhwekhwereza pansi. Inuyo mukanawongoka, kapena mukanatembenuka?