Chombo cha Makatoni

"Zimitsani zonyansazo, mlamu," anatero wometa anthu tsitsi polowa m'chipinda cha mng'ono wake, atakolekera chikwama cha madisiki akale paphewa.

"Koma ndi gawo lomaliza. Ang'ono anuwa akhala akulidikira chaka chonse," anatero mlamuyo uku akupukuta malovu mwamuna wake, yemwe sitiroko inamupha mbali imodzi n'kumulanda mawu.

Wometayo anatola rimoti. Kwa zaka makumi awiri, iye ndi mng'ono wakeyo anali mphaka ndi galu chifukwa cha sewero la pa kanema la anthu oyenda m'nyenyezi pa chombo. Iye ankati sewerolo linathera pa kaputeni woyamba, wa ndevu zaimvi uja, ndipo zatsopanozi n'zidole za ana. Mng'ono wake ankamuyankha makasitomala ali pamzere, amvekere, "Chombo chanu chija chinali cha makatoni, mpaka chingwe chochikokera chinkaoneka." Shopu yonse yometeramo inkafa ndi phwete.

Lero panalibe womuyankha. Wometayo anaika disiki yake, n'kumutembenuza mutu wodwalayo kuti asayang'ane kukhoma.

"Tsutsa tsono. Chingwe chako chija chili pati?"

Dzanja lamoyo la wodwalayo linakwawa pabulangeti kulondola rimoti. Wometayo anaisuntha pang'ono chabe, pomwe zala zinkalekezera.

Gawo lachitatu lili mkati, misozi inayamba kuyenderera mpaka m'khutu mwa wodwalayo.

"Mlamu, bwerani mudzaone," ananong'ona wometayo, nkhope ili ngwee. "Zamufika pamtima. Mawa ndibweretsa ena."