Mayi Amene Anatsala Pageti

Nkhani iyi anandiuza ndi ba Mainess a ku Chawama, tsiku lina titatsala awiri kusesa m'tchalitchi. Ndi ya m'nyumba mwawo. Anandilola kuilemba, ndipo sindinawonjezere kanthu.

Panali munthu wina, mnyamata dzina lake Whyson, mwana wa ba Mainess omwewo. Anamaliza maphunziro a uphunzitsi pakoleji ina mu Lusaka. Holo yochitiramo mwambo wolandira satifiketi inali yaing'ono. Choncho akoleji analamula kuti wophunzira aliyense asungitse mipando iwiri yokha pa intaneti, polowa ndi nambala yake n'kulemba mayina a alendo ake. Ukayesa kulemba wachitatu, kompyuta inkakana.

Koma Whyson anali ndi anthu anayi: amayi ake, amalume ake ba Petros amene anamulera bambo ake atamwalira, akazi a amalumewo ba Marjory amene anali atasoketsa kale diresi, ndiponso azakhali ake a ku Matero, ba Sophia, amene ankati akuimira malemu mlongo wawo, bambo ake a Whyson.

Amayi ake anamulangiza kuti, "Babili ni babili, mwana wanga. Yenda ukabauze zoona. Bazakalipa, koma bazaleka."

Iye anati, "Amama, imwe mungabauze ba malume ati madamu basale panyumba? Nizaona mochitira."

Whyson anali ndi mnzake wapamtima wa m'kalasi, Dyton, amene nthawi imeneyo anali kumudzi ku Katete, kumene netiweki imavuta. Dyton anakwera pachulu n'kumuimbira foni.

"Iwe mwana, nibukileko mpando. Nambala na pasiwedi nakutumila. Ulembe chabe bamai banga. Sibanafikepo mu Lusaka."

"Osavutika, yasila iyo," anatero Whyson.

Dyton ankafuna mpando umodzi. Whyson akanatenga wotsalawo, palibe akanadandaula. Koma iye ankasowa iwiri. Panambala yake analemba amayi ake ndi amalume. Panambala ya mnzakeyo analemba ba Marjory ndi ba Sophia. Mumtima ankati, ndani angabweze gogo wochokera kumudzi? Pageti anthu amakambirana.

Tsiku litafika, ba Mainess anachedwa chifukwa minibasi yawo inafera pa Kamwala. Abale aja anali atalowa kale. Pageti anapeza Dyton atavala gauni, thukuta lili kamukamu. Pambali pake panaima mayi wachikulire wovala nsapato zatsopano, kathumba ka mtedza kali pansi.

Mlonda ankawerenga pafoni yake. "Pa nambala yanu pali Marjory Zulu na Sophia Mwale. Balowa kudala."

"Sinibadziba anthu abo! Aba ndiye bamai banga, bachoka ku Katete!"

"Namvela, bwana, koma mipando yasila. Kuyambila kuseni nikamba chimodzimodzi. Nalema."

Ba Mainess anamva mayina aja. Sipanafunike wowafotokozera. Anaganiza zolowa n'kukawadzutsa alamu awo, koma anaona kuti achititsa manyazi pagulu mlongo wawo amene anawalerera mwana. Anayang'ana kapepala kawo kolowera.

"Nanga ine nikasala panja?" anafunsa mlondayo.

"Ine nipenda chabe mipando, amai. Mukasala imwe, aba bangene."

Amayi a Dyton anakana. "Iyayi, mayi. Nanga wanu mwana?"

"Wanga ndimamuona masiku onse. Lowani, mwachokera kutali. Mtedzawu ndikusungirani."

Ba Mainess anakhala panjerwa kunja kwa mpanda, kathumba kaja kali pamiyendo, dzuwa likuwomba. Mayina ankamveka pazokuzira mawu. Atatchula la Whyson, anamva nthungululu ya ba Marjory mkati. Zaka zonse zimene ba Mainess ankagulitsa makala pamsewu, ankangoganizira za mphindi imeneyo, ndipo inadutsa ali kuseri kwa khoma.

Whyson atalandira satifiketi anayang'ana pampando wa amayi ake. Anaona amayi a Dyton akumuwombera m'manja ndi mtima wonse, osadziwa kuti ndi yemwe anawalanda malo.

Mwambo utatha anathamangira panja. Anawapeza panjerwa paja, n'kugwada ndi gauni yake m'fumbi.

"Amama, nenze kuganiza ati bazabalowesa..."

"Nyamuka, uzadetsa gauni ya bene," anatero iwo. Anamukonza kolala. "Peleka mtedza uyu kwa bamai ba mnzako, ubauze wekha vamene wachita. Ukabwela tiyende. Miyendo yanibaba."

Anapita, anaulula. Dyton anangolandira kathumbako n'kutembenuka, ndipo mpaka lero sayankha foni yake.

Atafika apa ba Mainess anasiya kusesa, tsache lili m'manja. Ine ndinawagwira dzanja, tinapemphera pang'ono. Kenaka ndinawafunsa ngati anamukhululukira mwanayo. Anati anamukhululukira pageti pomwe paja, koma kukhululuka sikubweza tsiku.

Phunziro: Mukauzidwa kuti mipando ndi iwiri, musafune njira yokhota, chifukwa mpando woonjezerawo uli ndi mwini wake ngakhale simukumuona. Ndi bwino kukhumudwitsa wachibale ndi choonadi kusiyana ndi kumusangalatsa ndi cha mnzanu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene ana awo akumaliza sukulu chaka chino, ndipo Mulungu atithandize tonse. Mawu omaliza ndi a ba Mainess, monga anandiuzira: "Mwana wanga anaba mipando ibili, koma wamene unasoba unali wanga. Dzina yake ninaimvela chabe pa sipika."