Zithunzi za Mayi a Aliness

Panali munthu wina dzina lake Laston, kalaliki pa ofesi ya kalabu ya alimi ku Chiringa. Nkhaniyi ndinaimva kwa mnzanga amene tinkaphunzira naye sukulu ya madzulo, ndipo akuti inachitika m'chaka cha 2007.

Ofesiyo inali ndi kompyuta imodzi yomwe bungwe lina linapereka. Amene ankaidziwa bwino anali mayi Rosemary, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Rumphi. Anaikamo pulogalamu yaulere yotchedwa Linux, ndipo anachenjeza kuti, "A Laston, iyi ikukwanirani pa ntchito yathu. Musalole munthu wina aliyense kuikamo zake."

M'kompyutamo munalinso zinthu zomwe sizinali za ofesi. Tsiku la ubatizo wa Aliness, mwana wa Laston, mayi Rosemary anajambula zithunzi zisanu ndi ziwiri ndi kamera ya kuntchito. Patangotha miyezi inayi, Enelesi, mkazi wa Laston, anamwalira. Sanajambulitsepo kwina kulikonse pa moyo wake. Mayi Rosemary ankati, "Gulani CD yopanda kanthu tikopere, mukatsukitse ku Limbe." Laston ankangoyankha kuti mwezi ukatha.

Mwana anatsala kwa akuchikazi ku Kaduya. Loweruka lililonse Laston ankapalasa njinga kukamutenga, n'kumukhazika pamiyendo mu ofesimo, n'kumutsegulira zithunzizo. Aliness, yemwe tsopano anali ndi zaka zitatu, ankaloza ndi chala: "Amama awa. Ine uyu."

Pafupi ndi ofesi panali Tobias, wokonza mawailesi, munthu wosasowa chonena.

"Achimwene, kompyuta yopanda gemu ndi taipi chabe," ankatero. "Anzanu m'tauni akusewera mpira pa kompyuta, anthu kumathamanga ngati enieni."

"Yathuyi ndi yaulere, ndipo akuti mavairasi saiyandikira," ankayankha Laston.

"Yaulere? Munaonapo munthu akugawa ufa woyera ulere? Akupatsani madeya inu!"

Tsiku lina la msika, mayi Rosemary atapita ku msonkhano ku boma, Tobias analowa mu ofesi ndi bambo wina wa chikwama chodzaza ma CD olembedwa pamanja. Bamboyo anati dzina lake ndi Dyson, injiniya wochokera ku Limbe. Anayatsa kompyuta, n'kupukusa mutu.

"Bwana, pa chimenechi gemu singayende. Tichotse, tiike pulogalamu yeniyeni. M'sitolo mtengo wake ndi wa ng'ombe, koma ine ndikupatsani pa mtengo wa nkhuku, gemu ya mpira ndi basera."

"Kodi kumeneko si kuba?" anafunsa Laston.

"Kubera ndani? Eni akewo ndi olemera, sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Chiringa."

"Koma m'menemo muli zithunzi za malemu mkazi wanga."

"Zimenezo sizikhudzidwa. Makompyuta amene ndakonza ine simungawawerenge."

Laston anatulutsa foni kuti aimbire mayi Rosemary, koma podziwa kuti akana, anaibwezera m'thumba. Kuchokera pamene anaferedwa, moyo wake unali ofesi ndi nyumba ya zii. Ankangofuna chinthu choti chimuseketseko, choncho anavomera.

Gemu inayenda. Anasewera ndi Tobias mpaka nthawi yoweruka, ndipo Laston anapambana ndi zigoli zitatu kwa chimodzi. Dyson analandira zake, analemba nambala ya foni pa kapepala, n'kukwera matola.

M'mawa mwake Laston anafuna kuona zithunzi. Anatsegula apa, anatsegula apo, osapeza kanthu. Makalata a ofesi nawonso munalibe. Anaimba nambala ija kakhumi, koma sinkapezeka. Atapita kwa Tobias, iye anangoti, "Inetu ndinangomupeza pamsika, sindikumudziwa," n'kuweramira wailesi yomwe ankakonza.

Mayi Rosemary atabwera sanakalipe. Anafufuza masiku awiri, kenako ananyamula kompyutayo kupita nayo kwa akatswiri ku Blantyre. Kumeneko anawauza kuti munthu uja anafufuta zonse asanaike zake, ndipo zatsopanozo zinakhala pamalo pomwe panali zakale. Mu kamera namo zithunzizo anali atazichotsa kalekale kuti ajambule minda. Makalata anawalembanso poona m'mafayilo a mapepala. Za Enelesi panalibe poonera.

"Pepani, a Laston," anatero mayi Rosemary.

Loweruka Laston anapita ku Kaduya monga mwa masiku onse. Anapeza Aliness atasamba kale, akudikira panjira.

"Ababa, tikaone amama."

"Lero magetsi azima, mwanawe. Tikagule mandasi."

Loweruka linalo ananenanso zomwezo. Loweruka lachitatu, akudutsa pa Chiringa, mwana ali pa kaliyala, anaona babu likuyaka pa malo ometera tsitsi. Anayamba kumenya msana wa bambo ake.

"Ababa, ayaka! Magetsi ayaka! Tiyeni msanga asanazime!"

Laston anaimitsa njinga pakati pa msewu. Anatsika, anamunyamula mwanayo, ndipo anthu amene anali pamenepo akuti anaima choncho nthawi yaitali, mwana akulozabe babu lija.

Phunziro: Munthu wokudziwani akakuchenjezani, mverani iyeyo, osati mlendo wa pakamwa pokoma amene mawa simudzamuonanso. Chinthu chaulere chopatsidwa mwachilungamo sichochititsa manyazi, koma chakuba chotchipa chikhoza kukulandani zomwe simungagulenso. Ndipo ngati muli ndi chithunzi cha wokondedwa wanu pamalo amodzi okha, kopani ndi kutsukitsa sabata ino, musadikire mwezi kutha. Tumizirani anzanu nkhaniyi, makamaka abambo anzathu amene ali ndi ana aang'ono.