Kamakina Kachiwiri mu Laibulale

Mawa lake kunali mayeso omaliza maphunziro a antchito a mu laibulale, koma amayi a pakauntala anali asanazolowerebe kamakina kowerenga manambala a mabuku. Anagwira chidindo zaka makumi awiri, ndipo tsopano ankauzidwa kuti wolephera achoka pakauntala. Choncho kutangoda anabwerera kuti akayeserere.

Mlonda anawatsegulira. "Musachedwetu, amayi. Magetsi a kumashelefu anafa dzulo."

Amayiwo anakhala pansi n'kulozetsa kamakinako pa buku loyamba. Kanalira kuti tii. Mumdima wa kumashelefu, kena kanayankha kuti tii.

Anadikira, kenako anayesa buku lachiwiri. Ulendo uno kuyankhako kunamveka pafupi, cha ku mabuku a ana.

"Achimwene," amayiwo anaitana mlonda uja, "aphunzitsi aja anasiya timakina tingati?"

"Kamodzi komweko," mlondayo anayankha ali panja.

Amayiwo anaika kamakinako pathebulo n'kupinda manja. Pakompyuta panatuluka mzere watsopano wonena kuti buku labwezedwa. Panatulukanso wina. Kumbuyo kwa mpando wawo, munthu anakhosomola mwaulemu, ngati amene watopa kudikira kuti athandizidwe.